Mawu Amene Callum Ankawadziwa

Kwa a Pennock, tsiku lotsatana ndi Khrisimasi silidutsa popanda masewera a dikishonale. Anthu a mumsewu wawo ku Ripon, kudziko la Angerezi, amachita kuwanena kumbali, amvekere banja limene lija ngakhale pa chisangalalo limafuna mayeso. Callum Hebden sankaseka nawo. Chaka chino iye ndiye ankayenera kukakhala patebulo limenelo, ndipo ankafuna kuti masewerawo akatha apemphe a Pennock amulole kukwatira mwana wawo, Imogen.

Imogen anali atamuuziratu. Chimwalirireni mayi ake, bambo akewo anatsala ndi iye yekha, ndipo sakanalowa m'banja limene mkuluyo sanalivomereze ndi mtima wonse. "Ndimakukonda, Callum, koma sindingawalirize kawiri," anatero. Mawu amenewo Callum anawamva bwinobwino, sanafunike dikishonale.

Vuto linali mawu enawo. Tsiku loyamba kukadya kunyumbako, m'chilimwe, a Pennock, amene anaphunzitsa Chilatini mpaka kupuma ntchito, anamuyang'ana pamwamba pa magalasi n'kufunsa Imogen kuti, "Mnzakoyu ndi taciturn, eti?" Callum, mwana wa mayi wogulitsa nsomba ndi tchipisi, amene sukulu anaithawa lamulo litangomulola n'kukayamba ntchito yokonza mapaipi, anaganiza kuti amuyamikira. "Zikomo kwambiri, bambo," anatero. Palibe anaseka mokweza. Anthu ophunzira saseka mokweza, amangoweramira m'mbale, ndipo zimenezo ndiye zimapweteka kwambiri.

Atatuluka panja anafufuza tanthauzo lake pafoni: munthu womana mawu, woti kumuyankhulitsa uchite kukoka. Nkhope inamutentha. Ali chiimire choncho anamva fungo la perefyumu kumbuyo kwake.

"Musadandaule, alamu. Amalume amatero ndi aliyense." Anali Tamsin, msuweni wa Imogen, mphunzitsi wa Chingerezi wa ana okonzekera mayeso akuluakulu. "Mukafuna, mawu a m'nyumba muno ndingakuphunzitseni. Koma Imogen asadziwe, tidzamudzidzimutse."

Munthu akagwidwa ndi manyazi safunsa kuti dzanja lamutambasukiralo ndi la ndani. Callum anavomera.

*

Kuyambira pamenepo, Loweruka lililonse m'mawa Imogen ankadziwa kuti Callum ali ku mpira ndi anzake. Nsapato za mpirazo zinkakhaladi m'galimoto, zoyera bwino, zopanda ndi thope lomwe.

Kunena chilungamo, Tamsin ntchito yake ankaidziwa. Ankati Chingerezi ndi nyumba yosanja. Pansi pali mawu a kukhitchini ndi kumsika, amene Callum anabadwa nawo, pamwamba pali ochokera ku Chilatini ndi Chifalansa, ndipo chinthu chimodzi chomwecho chimakhala ndi dzina la pansi ndi dzina la pamwamba. Ankawang'amba mawu pakati n'kumuonetsa kumene anachokera. "Mawu atsopano musamawasunge okha, amafa," ankatero. "Muziwapezera munthu kapena chinthu chowapachikapo." Callum anapachika ena pa abwana ake, ena pa galu wa oyandikana nawo nyumba, ndipo pofika mu Novembala ankatha kuwerenga nyuzipepala imene a Pennock amakonda osadumpha mizere. Anayamba kuzikonda ndithu. Sankadziwa kuti zinthu zina zimene wakhala akuzimva mumtima moyo wake wonse zili ndi mayina.

Loweruka lina mu Disembala kunja kunagwa chisanu chochita kuyeretsa udzu, koma dzuwa linatuluka, linalowera pazenera la Tamsin n'kugwera pamkono wa Callum.

"Mukumva chiyani apa?" anafunsa Tamsin, n'kuika dzanja lake pomwepo.

"Kufunda."

"Kufunda kwa dzuwa m'nyengo yozizira. Kuli ndi dzina lake, apricity. Ndi mawu akalekale, ngakhale amalume sawadziwa." Dzanja lija silinachoke. "Amenewa muwapachika pa ndani, alamu?"

Callum anasuntha mkono wake pang'onopang'ono. "Pa Imogen."

"Imogen, Imogen. Kuyambira tili ana zabwino zonse zimangogwera Imogen." Tamsin anamwetulira cha mbali imodzi. "Iyeyo akudziwa kuti mumachita naye manyazi?"

"Sindichita manyazi ndi iyeyo. Ndimachita manyazi ndi ine mwini."

"Nanga manyaziwo munabwera nawo kwa ine bwanji?"

Callum anaimirira. Anatenga jekete, nathokoza, nanena kuti maphunziro athera pomwepo. Tamsin sanamukakamize. Anangomuperekeza mpaka pakhomo n'kunena kuti, "Tionana pa masewera. Musaope, ndidzakukumbukirani."

*

"Iwe Callum, tayi? Tikukadya zotsala za dzulo, sitikupita kukhothi ayi."

Imogen anatero akulowa m'galimoto tsiku la masewera lija, n'kuyamba kumuvula tayiyo yekha. Zala zake zinali zozizira, ndipo Callum anazigwira n'kuzipumira mpweya. Pamene ankanyamuka, Imogen anamufotokozeranso masewerawo. Mmodzi amagwira dikishonale, amasankha mawu ovuta n'kuwatchula. Ena onse aliyense amapeka tanthauzo lake labodza n'kulilemba pakapepala, wogwira buku amalemba lenileni, timapepala tonse timalowa m'chipewa. Akawerenga matanthauzo onse, aliyense amaloza limene akuganiza kuti ndi loona.

"Lamulo ndi limodzi lokha, analiika amayi. Asanayambe kulemba, wogwira buku amafunsa ngati alipo akuwadziwa mawuwo. Ngati ukuwadziwa, umakweza dzanja, mawuwo amatayidwa. Amayi ankati m'nyumba mwathu bodza limaloledwa papepala pokha."

"Ine ndiye dzanja langa lipuma lero," anatero Callum, akudzikakamiza kuseka.

"Ukaluza usadandaule. Adadi sakufuna munthu wopambana."

"Nanga akufuna wotani?"

"Kaya. Mwina wosawaopa." Imogen anayang'ana kunja kwa kanthawi, kenako nkhope inasintha. "Tamsin abweranso. Usakhale naye pafupi, ndakuuza."

"Walakwanji Tamsin?"

"Sindinakuuzepo, eti? Mnyamata uja ndinali naye ndisanakumane ndi iwe, Hugh, ukuganiza kuti anapita ndi ndani? Tinali titatsala pang'ono kutomerana. Tamsin anamutenga, n'kumutaya patangopita miyezi yochepa. Sankamufuna n'komwe. Ndinamukhululukira chifukwa ndi magazi amodzi, koma kuiwala ayi."

Apa ndi pamene Callum akanayankhula. Anatsegula pakamwa, koma anali atafika kale pageti, ndipo a Pennock anali chilili pakhomo ndi juzi lawo lobiriwira, akuyang'ana wotchi.

*

Anadya nkhukundembo yozizira ndi mbatata zokazinga, kenako keke ya Khrisimasi ndi tchizi. Patebulo panali anthu asanu: a Pennock, mlongo wawo azakhali Glenys amene ndi mayi ake a Tamsin, Tamsin mwini wake, Imogen ndi Callum. Mpando wachisanu ndi chimodzi, wa pafupi ndi zenera, unali wa malemu mayi a Imogen, ndipo palibe ankaukhala.

Mbale zitachotsedwa, dikishonale inabwera, chibuku choti kunyamula ndi manja awiri. Magawo oyamba Callum analuza mwaulemu wake. Mawuwo sankawadziwadi, ndipo matanthauzo ake abodza azakhali Glenys ankawagwira asanathe kuwerengedwa.

"La paipi ili ndi la Callum! Mwanawe, chilichonse kwa iwe ndi chitsulo basi?"

Onse anaseka, iyenso anaseka nawo, ndipo kunali kuseka kwabwino, kosaweramira m'mbale. A Pennock okha ndiwo ankangomuyang'ana pamwamba pa magalasi paja. Callum ankaona ngati akumulemba ziro m'mutu mwawo. Miyezi yonse ija, mabodza onse aja, kuti adzakhale pano n'kumasekedwabe za mapaipi? Zinamuwawa.

Kenako buku linafika kwa Tamsin. Anatsegula masamba akumayambiriro ngati akufufuza, chala chikuyenda pang'onopang'ono, mpaka chinaima. Sanamuyang'ane Callum. Anatchula mawuwo mokoka, ngati akuwaona koyamba.

"Apricity. Alipo akuwadziwa?"

A Pennock anakwinya pamphumi, naganiza, napukusa mutu. Azakhali anati iwo ngakhale kuwatchula sangathe. Imogen anati ayi. Dzanja la Callum linali pabondo, ndipo analimva kulemera. Akanalikweza, akanafunsidwa kumene anawamva, pamaso pa Imogen, Tamsin ali pomwepo. Akanalisiya, kamodzi kokha m'nyumba imeneyi akanaoneka munthu. Mantha ndi dyera zinagwirizana, dzanja linakhala pabondo.

"Palibe? Tiyeni tilembe," anatero Tamsin.

Matanthauzo anatuluka m'chipewa limodzilimodzi. Msonkho wakale wa zipatso. Matenda a m'makutu a nkhosa. Khalidwe la munthu wosachedwa kupsa mtima. Mtundu wa msomali wokhomera denga. Kufunda kwa dzuwa m'nyengo yozizira.

"La dzuwali ndi la Imogen, akudziyesa wandakatulo," anatero azakhali, n'kusankha msonkho. Imogen anasankha nkhosa. A Pennock anasankha kupsa mtima, akufotokoza za Chilatini zimene palibe anazitsatira.

"Ine la dzuwa," anatero Callum.

Tamsin anatembenuza buku kuti onse aone. Azakhali anaomba m'manja. A Pennock anavula magalasi, chinthu chimene Callum anali asanawaonepo akuchita.

"Wasankha limenelo chifukwa chiyani, mnyamata?"

Bodza loyamba munthu amalikonzekera, lachiwiri limabwera lokha. Maso a Callum anathawa nkhope ya mkuluyo n'kukagwera pazenera, pamene dzuwa lofooka la masana linali litagona pa mpando wopanda munthu uja.

"Ndangoona dzuwa pa mpando uwo, bambo. Ndinaganiza kuti chinthu chotere sichingakhale chopanda dzina."

A Pennock anayang'ana mpandowo nthawi yaitali.

"Ankakhala pomwepo," anatero. "Disembala aliyense, ndi bulangete pamiyendo, ankati akutola kadzuwa kake. Zaka zonsezo ine ndi mabuku angawa, osamupezera mawu ake." Anapukuta m'maso ndi chala, naimirira. "Mundikhululukire pang'ono."

Callum anamva mapazi awo akukwera masitepe. Anapambana, ndipo sanadzionepo wonyansa ngati nthawi imeneyo. Anali atagwiritsa ntchito mpando wa munthu wakufa.

*

"Tandithandize makapu," anatero Imogen.

Kukhitchini anatseka chitseko, natsegula madzi pampopi, koma sanatsuke kanthu. Anaima moyang'ana kuzenera, atamupatsa msana.

"Ukudziwa vuto lokonda munthu? Umamuyang'ana nthawi zonse, ngakhale pamene ena akuyang'ana kwina." Anatembenuka. "Tamsin akutchula mawu aja, milomo yako inawamaliza iye asanamalize. Ndinakuona, Callum."

"Imogen..."

"Ndinadikira dzanja lako. Mumtima ndinkangoti kweza, kweza, Callum wanga akweza. Ndiye iwe n'kutenga mpando wa amayi anga?"

"Sindinakonze zimenezo. Zinangotuluka."

"Aa, zinangotuluka! Adadi sanatchulepo amayi patebulo chiwaikireni m'manda. Lero atsegula mtima, kutsegulira bodza." Mawu ake anali otsika kuti a kuchipinda chodyera asamve, ndipo kutsikako kunkacheka kuposa kukuwa. "Ndinakuuza kuti sakufuna wopambana. Ine ndinakupemphapo mawu akuluakulu? Ndinakukonda uli ndi mawu ako omwewo. Unandiuza kuti ukandiona umamva ngati wafika kunyumba, ndipo palibe pulofesa anandiuzapo zoposa pamenepo."

"Iwe sunaone mmene anaweramira m'mbale tsiku lija."

"Ndinaona. Ndinakangana nawo iwe utapita, mpaka sitinayankhulane sabata yonse. Unandifunsa?" Anatseka mpopi. "Sindiwauza. Sindingawalande zimene apeza lero. Koma ine undiuze. Mawu oti adadi sawadziwa, iwe unawadziwira kuti?"

Callum anayang'ana nkhope imene ankaikonda kuposa chilichonse, nadziwa kuti yankho lake liiswa. Anakoka mpweya kuti alinene ndithu. Nthawi yomweyo mawu a Pennock anamveka kuseri kwa chitseko.

"Imogen! Callum! Tabwerani kuno nonse."

*

Mkuluyo anaima pafupi ndi mpando uja. Kumaso anali atasamba, magalasi atabwerera m'malo, ndipo m'dzanja anali ndi kabokosi kofiira kothetheka m'makona. Imogen atakaona anagwira pakamwa. Munali mphete ya mayi ake.

"Callum, ine ndine munthu wovuta, mwana wangayu angakuuze," anayamba a Pennock. "Ndikudziwa chimene wadzera lero, tayi ija ndinaiona ili pampando wa galimoto. Sindikufuna uvutike kupempha. Ndinakuyesa ndi mawu m'chilimwe muja, ndipo ndinalakwa. Anyamata odziwa mawu ndaphunzitsa ambirimbiri, ena mwa iwo sindingawasungitse ngakhale ambulera. Lero ndakuona ukuluza osakwiya, ukusekedwa osabisala. Sunadziyese wodziwa zimene sudziwa. Ndipo pamene ife ophunzira timakumba Chilatini, iwe unangoyang'ana ndi maso. Mkazi wanga akanakukonda."

Anatambasula dzanja.

"Tenga. Ukamuveke tsiku limene mungakonde."

Azakhali Glenys anayamba kale kufwenthera m'kansalu. Tamsin anatsamira pafelemu ya chitseko, kapu ya vinyo ili m'manja. Callum anayang'ana Imogen. Imogen sanamupatse chizindikiro chilichonse, anangoyang'ana pansi. Anali atalonjeza kukhala chete, ndipo Callum ankadziwa kuti akhaladi chete, pa ukwati, pa ubatizo wa ana, pa Khrisimasi iliyonse buku lija likamatsegulidwa. Chimene Callum anachivutikira miyezi yonseyi chinali apo, pafupi ndi zala zake. Anabweza manja kumbuyo.

"Bambo Pennock, sindingalandire. Mawu aja ndinkawadziwa."

"Wati chiyani?"

"Ndinkawadziwa asanawerengedwe. Sindinakweze dzanja. Za mpandozo ndinanena chifukwa munandifunsa ndipo ndinasowa chonena. Ndakulakwirani inu, ndalakwiranso malemu. Pepani."

Kansalu ka azakhali kanaima m'malere. A Pennock sanakalipe, ndipo bwenzi zili bwino akanakalipa. Zala zawo zinafumbata kabokosi kaja pang'onopang'ono, ndipo nkhope imene inali itangofewa inabwerera mwakale Callum akuona. Koma Imogen anali atadzutsa mutu. M'maso mwake munali misozi, ndipo kuseri kwa misoziyo munali kanthu kena kamene kanamupatsa Callum chiyembekezo. Imogen anasuntha phazi limodzi kuti aime pambali pake.

"Mawu amenewa sapezeka m'nyuzipepala," anatero a Pennock ndi mawu a m'kalasi. "Munthu sakumana nawo pamsewu. Wakuphunzitsa ndani?"

"Bambo, ndikufuna Imogen ndiyambe ndamuuza payekha, chifukwa..."

"Ndine, amalume."

Onse anatembenukira kuchitseko. Tamsin anamwa vinyo pang'ono, osafulumira.

"Musamukalipire kwambiri, ndi wophunzira wakhama. Chiyambire chilimwe sanajombepo. Loweruka lililonse m'mawa, kunyumba kwanga." Anayang'ana msuweni wake ndi nkhope yachisoni yochita kupanga. "Mawu a lerowa ndinamuphunzitsa tili awiri pazenera, dzuwa likutiwomba. Ndimayesa anakuuza, Imo."

Phazi la Imogen linabwerera pamene linali. Sanamuyang'ane Tamsin ngakhale pang'ono. Anayang'ana Callum yekha, nthawi yaitali, ngati akuwerenga tsamba limene wakhala akulidumpha dala.

"N'chifukwa chake nsapato zija sizinkada," anatero chapansipansi.

"Imogen, palibe chimene chinachitika. Ndikulumbira, anali mawu okha."

"Mawu okha." Anagwedeza mutu. "Kwa ine unalibe, kwa iyeyo unali nawo Loweruka lililonse."

Anapita kwa bambo ake, nawatambasula zala chimodzichimodzi, natenga kabokosi ka mayi ake n'kukaika m'thumba la juzi lake. Podutsa pafupi ndi Callum sanamukhudze ngakhale ndi mkono wa malaya. Anakwera masitepe, ndipo onse anamva kiyi akutembenuka pachitseko cha kuchipinda kwake.